Phiri la Dongo la Alamu Anga

Mwezi uno chaka chakwana chimwalirire aMbewe, alamu anga, ndipo palibe amene wafulula mowa, palibe amene wapempha misa. Ndadikira masabata awiri kuti mwina wina atchula dzina lawo. Zii. Ndiye ndatenga kadeno wawo uja, kabuku kolembamo malamulo a masewera athu, muli masamba otsala kumapeto, ndikulemba ndekha. Dzanja langa ndi la khasu ndi chingwe cha ng'ombe. Zilembo zikapindika musaseke, chifukwa amene anandiphunzitsa ndi omwewo ndikuwalembawa.

Anthu a mudzi wathu amene tinasonkhana kuno ku Ntengo-Wambalame pafupi ndi asilikali a boma, ndi ena amene anawolokera ku Malawi, onse amanena chimodzi. Amati aMbewe anagulitsa mudzi. Amati anaumba dziko lathu ndi dongo kuti aonetse anthu a m'tchire, zigawenga zija, njira yokwerera kuphiri la Mapanga, kumene tinkabisa akazi, ana ndi ng'ombe. Ine Ngozo ndikuti limenelo ndi bodza. Ndinalipo, ndinaona ndi maso awa. Tinawaika m'manda anthu asanu okha, ine ndi amuna anayi amene ndinachita kuwakalipira kuti anyamule makasu. Munthu amene anatsuka mabala a theka la anthu a chigawo chino anapita ngati galu wachiwewe. Dzina lawo ndi lokhalo limene latsala, ndipo ndi limene ndikulimenyera pano.

Anali wamtali, woonda ngati mzati wa chigafa, mandala omanga ndi ulusi kuseri kwa khutu. Mawu awo unkachita kuwasaka. Ine ndikayankhula agalu a tsidya lina amauwa, iwo akayankhula ngakhale nkhuku yogona pafupi ndi phazi lawo sinkadzuka. Anakwatira alongo anga aakulu, aNangozo, ndipo kwathu tinadandaula kuti mwana wa Angoni wapita kwa Mchewa wosadziwa kugwira nyanga ya ng'ombe. Zoona sankadziwa. Munthu amene anathera moyo wonse pa nkhondo sankatha kupha nkhuku. Mlendo akafika ankatuma mawu kwa ine, alamu bwerani ndi mpeni, ine ndikuzinga iwo akuyang'ana kumtambo. Komatu anagwira zaka zambiri pachipatala ku Tsangano akutsuka zilonda zonunkha. Magazi sankawaopa. Ankaopa kukhala iwo owatulutsa.

Matenda a nkhondowa anawatengera komweko kuchipatala. Panali Mpwitikizi wina wobaya anthu jakisoni amene pobwerera kwawo anawasiyira bokosi. M'bokosimo munali tiasilikali ta mtovu khumi ndi tiwiri, buku la zithunzi za nkhondo za azungu, ndi ndege ya pulasitiki yosalumikiza, tizidutswa tokhatokha m'thumba. Phiko limodzi munalibe. Anailumikiza miyezi itatu ndi ulimbo, phiko losowalo anadula pachitini cha mafuta, koma analisiya choncho mbee, osalipaka utoto. Nditawafunsa anati chinthu chowonjezera chizioneka kuti ndi chowonjezera, apo ayi ukunamiza woona. Ndegeyo anaipachika ndi waya pamtanda wa denga m'chigafa chawo chakale cha fodya, ndipo inkazungulira pang'onopang'ono mphepo ikalowa.

Buku lija linawatopetsa msanga. Ankati nkhondo za anthu a zipewa zazitali m'dziko la chisanu sakuzimva fungo. Anayamba kufuna zathu, za masiku amene makolo anga Angoni anafika kuno ndi zishango, makolo awo Achewa nathawira m'mapiri. Atapuma ntchito anayenda pansi mpaka ku Macanga, mpaka midzi ya ku Chidzolomondo, kufunsa nkhalamba kuti agogo anu anabisala pati, madzi ankatunga kuti, adani anafikira mbali iti. Zonse ankalemba. Ndiye anali ndi khalidwe lowerenga mapazi. Kulikonse akuyenda milomo ikugwedezeka. Ukawapatsa moni panjira ankangokweza dzanja kuti dikira, nafika pamtengo kapena pamwala, nalemba, kenako nkubwerera kudzakuyankha kuti tadzuka bwino kaya inu. Akazi ankaseka. Iwo analibe nazo kanthu.

Mapazi onsewo anathera m'chigafa muja. Anamanga thandala la mitengo ndi dothi lofika m'chiuno, kutalika kwake mphasa ziwiri, ndipo pamwamba pake anaumba dziko lathu. Sindikunena zidole za ana ayi. Ndikunena dziko. Phiri la Mapanga linkafika pachifuwa changa, ndi mwala wake wong'ambika pamwamba ndendende ngati weniweniwo. Kamtsinje kanali magalasi a botolo osinja. Nkhalango inali ndere za pamiyala zomata ndi ulimbo. Dambo lathu, chulu chachikulu, ngakhale mkuyu wa kuseri kwa phiri, zonse zinalipo pamalo pake. Anthu ake anali a dongo, aakulu ngati chala chamanthu, owotcha pamodzi ndi mbiya za alongo anga. Angoni anali ndi zishango za chikopa cha mbuzi ndi nthungo za minga. Achewa anali ndi mauta a nsungwi ndi ulusi. Ng'ombe nazo zinalipo, za nyanga za minga ya mthethe, ndipo ine ndinawakonzetsa linunda katatu chifukwa ankaliika ngati la ngamira.

Tinkamenya nkhondo Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi. Ine Angoni pansi, iwo Achewa pamwamba. Gulu linkayenda kutalika kwa kabango kamodzi pa ulendo, kabangoko ndiye kuyenda kwa m'mawa mpaka dzuwa paliwombo. Magulu akakumana tinkaponya nyemba zowauka mbali imodzi. Zakuda za mnzako zikachuluka kuposa zako anthu ako agwa, uwagoneka chammbali.

"Mwaba, alamu!"

"Sindinabe. Tsamba lachisanu."

"Tsamba lachisanu likuti chiyani?"

"Likuti wokwera phiri aponye nyemba zitatu, wa pamwamba aponye zisanu."

"Analemba ndani?"

"Ine."

"Ehe! Mchewa walemba kuti Mchewa apambane!"

"Phunzirani kuwerenga, alamu, mudzandigwire."

Ndinaphunzira ndi imvi kumutu, kuti ndiwagwire basi. Ankandilembera zilembo paphulusa la m'chigafa momwemo. Nditatha kuwerenga kadenoyo ndinamusanthula yense, tsamba ndi tsamba, ndipo sindinapeze pamene anaba ngakhale pamodzi. Zinandiwawa kwambiri.

Lamulo limene ankaligwira kuposa onse linali lakuti nyemba zikagwa siziponyedwanso. Kaya wayetsemula, kaya dzanja laterera, kaya nkhuku yakudzidzimutsa, zimene zagwa ndi zomwezo. Tinayambana pa lamulo limeneli kosawerengeka, ndipo kamodzi ndinatha mwezi osapondako. Ankatinso ubwino wa nkhondo ya pathandala ndi wakuti madzulo umatola akufa onse nkuwaika m'dengu, Lamulungu linalo adzukanso ndi nthungo zawo.

Alongo anga ankaima pakhomo manja m'chiuno. "Amuna a anzanga akupalira kachewere, anga akupha anthu a dothi. Inunso achimwene, ndi ndevu zanuzo?" Koma zishango zonse anasoka ndi iwo, ndipo dongo labwino la kudambo ankayamba apatula la amuna awo asanaumbe mbiya.

Tsopano ndinene za njira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Zaka zambiri ndinkangogonja. Paphiri la aMbewe khomo lolowera kumapanga linali limodzi, kutsogolo, pakati pa miyala iwiri, ndipo Angoni anga ankathera pomwepo Lamulungu lililonse. Ine ndinkati ayi, agogo anga anandiuza okha kuti gulu lawo linakwera ndi kumbuyo, kulowera pansi pa mkuyu, kutsata ngalande ya madzi mmodzimmodzi mpaka pamwamba. Iwo ankati nkhalamba zonse zimene anafunsa zinati Angoni sanalowemo. Ndinkati munafunsa Achewa okhaokha. Ankati mboni imodzi yakufa siyokwana kusinthira phiri.

Lamulungu lina m'dzinja denga linadontha, dongo la kuseri kwa phiri nkufewa. Nditagonjanso ndinapsa mtima. Ndinadinda chala changa chamanthu patsinde pa kamkuyu kawo nkuchikoka mpaka pamwamba. "Njira ndi iyi!" Mzera wakuya, woti nyerere nkusambiramo. Ndinkayesa andithamangitsa. Sanatero. M'mawa mwake anatenga chipewa ndi kadeno, napita. Anabwera dzuwa litapendeka, mawondo atasupuka, buluku litang'ambika, nafika pakhomo panga.

"Alamu, njira ilipo. Ndakwera nayo mpaka pamwamba. Ngakhale ng'ombe ingathe, ikamayenda imodziimodzi. Agogo anu sananame, ndinalakwa ndine."

Ndani wina mwa inu anayamba wabwera pakhomo pa mnzake ndi mawondo a magazi kudzanena kuti ndinalakwa? Mzera wa chala changa sanaufafanize. Anaupaka katondo wofiira kuti uzioneka, nalemba m'kadeno kuti njira iyi watiuza ndi aNgozo. Ine ndinadzitama nayo pamowa uliwonse mpaka anthu anatopa nane.

Nkhondo yeniyeni tinayamba kuimva ngati nkhani ya ku Macanga. Kenako magalimoto anasiya kudutsa mumsewu wa ku Tsangano. Kenako aphunzitsi anathawa, shikola nkutsekedwa. Kenako anthu a m'tchire anayamba kufika m'midzi yoyandikana nafe, kutenga chimanga ndi ng'ombe, ndi anthu oti awasenzere. Titakhala pansi kuti tibisala kuti, amene anatchula Mapanga ndi aMbewe. Anati madzi alimo, malo alimo, makolo awo anakhalamo miyezi. Anati khomo la kutsogolo limaonekera kumsewu, tilitseke ndi miyala ndi minga lioneke ngati linagumuka kale, tizilowera kumbuyo pamkuyu. Tinatero. Mphekesera ikafika, akazi, ana, anyamata ndi ng'ombe ankakwera, ife nkhalamba nkutsala m'mudzi kuti tizinena kuti onse anapita ku Malawi. Madzinja awiri athunthu nzeru imeneyi inatisunga. Midzi ina inatha, ife osataya ngakhale thole. Zimenezi amene amawatukwana lero anaiwala.

Alongo anga ndi amene anaona choopsa. Tsiku lina anatipeza m'chigafa, ndipo sanaime pakhomo ngati kale, analowa.

"Bambo, phwanyani chinthuchi."

"Ndi nkhondo yakale iyi, mayi."

"Nkhondo ndi yakale, phiri ndi lomweli tikugonamoli. Mwana wa zaka zisanu akhoza kuona njira apa. Phwanyani."

Anawapatsa musi m'manja. AMbewe anaima nawo nthawi yaitali pamaso pa phiri lawo, ntchito ya zaka makumi awiri. Anaukweza kamodzi. Kenako anautsamiritsa kukhoma. Anati atseka njira yokhayo, zina zonse ndi miyala ndi mitengo imene aliyense akuiona panja. Ine ndinawavomereza, ndinati alongo musadere nkhawa, anthu a m'tchire sadziwa kuwerenga dothi. Anakanda dongo latsopano nadzaza mzera wanga uja. Litauma linayera. Phiri lonse linali lakuda ndi utsi wa zaka zonsezo, chigambacho chokha mbuu ngati chipsera pamsana pa ng'ombe yakuda. Anapaka mwaye, anapaka makala, anafukiza udzu wauwisi, koma mtundu sunagwirizane. Anaphimba zonse ndi udzu ndi mphasa zakale.

Anthu a m'tchire anabwera titangotha kukolola, m'mawa, dzuwa litangofika pamsinkhu wotulutsa ng'ombe. Mphekesera inali itafika dzulo lake ndipo anthu anali atakwera. Ine ndinali m'chigafa ndi aMbewe, tikuyesanso mwaye wina. Titamva mapazi tinabwezera mphasa msangamsanga. Mtsogoleri wawo anali wa msinkhu wa ana athu, wotchi padzanja, Chichewa chosakaniza ndi Chipwitikizi. Ankafuna chakudya. Anakoka mphasa imodzi, nakoka ina, phiri nkuonekera. Kenako anaseka.

"Madala, ichi n'chiyani?"

"Zidole, shefi," anatero aMbewe. "Masewera a nkhalamba."

"Iyi ndi mapa, chithunzi cha dera lino."

"Ayi, ndi dziko la m'mutu mwanga chabe."

Anapita pakhomo, nayang'ana phiri lenileni, nabwerera, naika chala pamwala wong'ambika uja. "M'mutu mwanu muli mwala wofanana ndi uwo? Akazi ali kuti? Makola a ndowe zauwisi, ng'ombe zili kuti?"

"Anawolokera ku Malawi dzana."

Sanatimenye. Anakhala pachitsa chimene ndinkakhalapo ine, natola Mngoni mmodzi namuzunguza m'zala, nati tiuzeni masewerawa amayenda bwanji. AMbewe anafotokoza ndi mawu awo aja osanjenjemera. Awa ndi Achewa pamwamba, awa ndi Angoni pansi. Khomo ndi limodzi, ili, ndipo linagumuka kalekale, lero ngakhale mbira singalowe. Angoni anazungulira miyezi itatu, osapeza polowera, nabwerera. Ndinawamva akunama pa mbiri koyamba chibadwire. Anawafafaniza agogo anga pamaso panga, ndipo ndinadziwa chifukwa chake, ndinadziwa bwinobwino.

Mtsogoleri uja anayang'ana makutu anga obowola. "Inu ndinu Mngoni, madala?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Ndiye agogo anu ankangozungulira pansi apa ngati agalu, Achewa akuwakodzera kuchokera pamwamba?" Anyamata ake anaseka. Anayamba kugwetsa Angoni anga ndi chala, mmodzimmodzi, pho, pho, pho. "Ife timamva kuti Angoni anali amuna. Kani anali akazi ovala zikopa."

"Anakwera!"

Anali mawu anga. Fumbi linagwa kudenga.

"Agogo anga anakwera! Analowera kumbuyo pa—"

Ndinatseka pakamwa, koma zinali zitagwa. AMbewe anatsinzina. Munthu uja anaimirira pang'onopang'ono, nazungulira kuseri kwa thandala, nawerama. Chala chake chinapeza chigamba choyera patsinde pa kamkuyu. Anatulutsa mpeni napala, dongo latsopano nkugamphuka, pansi pake katondo psuu, kuchokera pamkuyu mpaka pamapanga.

"Obirigadu, madala," anatero kuthokoza m'Chipwitikizi, ndipo ankayang'ana ine.

Anatimangirira kumzati wa chigafa, natisiyira anyamata awiri a mfuti. Tiasilikali ta mtovu anatiika m'thumba. Wina anathothola ndege, phiko lachitini nkugwa pansi. Dzuwa lili paliwombo tinamva mfuti kuphiri. Sizinalire nthawi yaitali. Chakumadzulo anadutsa pakati pa mudzi, ng'ombe patsogolo, zanga zonse zili momwemo, pambuyo mzera wa akazi ndi atsikana atasenza matumba a chimanga chathu chomwe. Alongo anga anali chakumapeto, thumba pamutu, munthu wa imvi. Podutsa pachigafa anayang'ana mkati, naona phiri lili poyera ndi mzera wofiira, nayang'ana amuna awo kumzati.

"Ndinakuuzani, bambo."

Ndiwo mawu awo omaliza amene tinawamva. Akazi ena amene anadzathawa panjira anawamvanso, ndipo anamva anyamata aja akuseka kuti madala wa mapa wationetsa njira. Nkhani inakhazikika pamenepo.

Otsala atatsika nkutimasula, tinakwera kukaika akufa. Palibe anayang'ana aMbewe kumaso. Pobwerera ndinawakokera pambali.

"Alamu, ndikanena. Pakamwa panali panga."

"Pakamwa panali panu, phiri linali langa. Musi anandipatsa m'manja." Anavula mandala nawapukuta. "Inu muli ndi ana ndi adzukulu oti azidya ndi anthu. Ine ndatsala ndekha. Khalani chete."

Ndinakhala chete. Ndilembe zoona, ndinapepukidwa mumtima atatero. Ine Ngozo, amene sindinayambe ndakhalapo chete pamlandu wa mbuzi, ndinakhala chete pa uwu.

Mudzi unabalalika mwezi womwewo. AMbewe anakana kusamuka. Anamva kuti ogwidwawo anawalowetsa cha ku Macanga, ndipo kawiri konse anayenda pansi mpaka ku Chidzolomondo, m'njira zimene ngakhale anyamata ankaziopa, kufunsa m'midzi yomwe ija ankafunsamo za nkhondo zakale. Ulendo wachiwiri anapeza mayi wina amene anati anaona mayi wachikulire atasiyidwa pafupi ndi kamtsinje miyendo itatupa, koma dzina sanamufunse, ndipo podutsanso panalibe munthu. Anabwera ndi zimenezo basi. Kuyambira pamenepo sankawerenganso mapazi. Munthu akadatha kuwapatsa moni panjira nayankhidwa pomwepo, koma panalibenso wowapatsa.

Ndinkawapititsira ufa ndi mchere ndikapeza mpata, ulendo wa theka la tsiku kuchokera kuno. Nthawi zonse ndinkawapeza m'chigafa. Anali ataumba anthu atsopano, osawotcha chifukwa wowotcha mbiya panalibe, tiakazi tosenza matumba, kamodzi katavala kansanza ka mpango weniweni wa alongo anga. Ankaponya nyemba okha, mbali zonse ziwiri. Anandiuza kuti ayesa njira zonse. Ayesa kuika alonda pamkuyu, ayesa kutulutsa ng'ombe kutsogolo kuti adani azitsate, ayesa kugawa anthu pawiri. Anati njira ikakhalapo amalowa basi. Akufa sankawatolanso. Anali mbwee chammbali paphiri ponse, dengu lili gwaa pakona.

Kamodzi anandipatsa nyemba. "Tengani a pansiwo, alamu. Ndekha ndimadziwiratu zimene mdani akuganiza."

Ndinazigwira m'dzanja, ndinalephera kuponya. Sanandikakamize.

Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira, miyendo nkutupa. Ndinati ndikunyamuleni panjinga tipite kwa asilikali kuli mankhwala. Anati mayi akabwera apeza ndani. Ulendo wotsatira ndinawapeza pamphasa pafupi ndi thandala, atafunda jekete, mandala atawapinda bwinobwino pamwamba pa kadeno.

Pamanda ndinayankhula. Amene anandiletsa anali atagona pansi, ndiye ndinatsegula pakamwa panga ponse, mawu aja a agalu a tsidya lina. Ndinanena zonse, za chala, za katondo, za makutu obowola, za mawu amene ndinafuula. Amuna anayi aja anatsamira makasu awo nkumandiyang'ana. Woyamba kuyankha anali aBanda, amene anataya ana aakazi awiri tsiku lija.

"Mwatha, aNgozo?"

"Ndatha. Ndiweruzeni ine."

"Mukuikira kumbuyo alamu anu. Ndi bwino, ndi chibale."

"Sindikuikira kumbuyo munthu! Ndikuti ndine!"

Wina anaseka pang'ono, kuseka kotopa. "Inu zaka zonsezi njira yanga, njira ya agogo anga. Ngakhale pamaliro mukufuna nkhani ikhale yanu?"

Ananyamula makasu napita. Ndabwereza kuno pachitsime, patchalitchi, pamzere wolandira chimanga. Ndinatuma mawu ku Malawi. Amangogwedeza mitu kuti aNgozo akalamba. Mawu anga anamveka tsiku limodzi lokha, kwa munthu mmodzi, ndipo linali tsiku lija.

Sabata yatha ndinapitako, ngakhale asilikali akuti njira siili bwino. Mudzi ndi thengo. Nyumba ya aMbewe inagwa mbali imodzi, m'kati mwamera nthula. Chigafa chikadaima ndi mizati inayi, koma udzu wa padenga unatha, ndipo mvula ya chaka chino yagwera pathandala mwachindunji. Pamtanda pakadali waya uja, wopindika kumapeto, wopanda kanthu. Musi ukadatsamira pomwe anausiya, chiswe chaudya kumunsi. Zitsa ziwiri zili malo ake, china uku china uko.

Dziko lawo lasungunuka. Dambo ndi chulu sizikudziwikanso, magalasi a kamtsinje amwazikira pansi, pamene panali nkhalango pamera chisoso. Tiakazi tosawotcha tija tinabwerera kudothi, ndinangopeza kansanza ka mpango katakanirira m'matope. Angoni ndi Achewa owotcha aja ali pomwepo, osakanikirana, ena mitu yokha ikuonekera. Phiri latsika mpaka pamchombo ndipo mwala wong'ambika unagwa. Koma kuseri kwake madzi anapeza podutsa. Zotsala za chigamba zinakokoloka, ndipo mzera uja wakula, wazama kuposa kale, ukadali wofiira pansi pake. Ndinaikamo chala changa chamanthu. Chinakwana.